Mwana Akati “Moto!” Kachala Kali pa Galimoto

Amayi anzanga, Loweruka lina masana tinali kuseri kwa nyumba tikutongola chimanga pamene mdzukulu wanga, amene nthawi imeneyo anali ndi chaka ndi miyezi 8, anakuwa kukhomo kuti, “Moto! Moto!” Mayi ake anataya lichero, ine ndinatola ndowa ya madzi, tonse n’kuthamanga mitima ili m’mwamba. Titafika tinapeza mwana ali chilili pakhonde, nkhope ili mwee, kachala kali kumsewu. Kunkadutsa galimoto.

Tinaseka mpaka misozi. Aliyense wa inu ali nayo nkhani yotere, ya mwana wake, ya mdzukulu kapena ya mwana wa mnansi. Timakambirana pamjigo ndi pobwera ku mphakati, kenako timaiwala. M’phunziro la mwezi uno ndikufuna tizitole nkhanizi, tiziyang’ane bwino, chifukwa kwa ife a chipatala mawu opotoka a mwana ndi umboni wofunika ngati mzere wa pa khadi la sikelo. Amatiuza kuti khutu likumva ndiponso kuti ubongo uli pa ntchito.

Taonani za “moto” uja. M’Chichewa mawu timawakoka pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Tchulani pang’onopang’ono mumve: galimooto, chimaanga, sukuulu. Khutu la mwana limagwira pamene pakokedwapo ndi chimene chatsatira, zakutsogolo n’kuzisiya. Motero galimoto imasanduka moto, chimanga n’kukhala manga, mkaka n’kukhala kaka, nkhuku n’kukhala kuku. Mdzukulu wanga sanangolankhula chisawawa. Anatola mbali ya liwu imene imamveka kwambiri, ndipo kuti achite zimenezo anayenera kukhala atamva liwulo kambirimbiri.

Kulankhula kumayamba mwana asanatchule liwu

Mwana amayamba kumva ali m’mimba, m’miyezi yomalizira ya pakati, ndipo pobadwa mawu a mayi ake sakhala achilendo kwa iye. N’chifukwa chake ophunzira athu a unamwino ndi uzamba timawauza kuti akaika khanda pachifuwa pa mayi ake, amulimbikitse mayiyo kulankhula nalo. Amayi ena amachita manyazi, amati, “Ndilankhule naye chiyani, ngati akumva?” Akumva ndithu. Pofika miyezi iwiri amayamba timawu ta kukhosi tija, “aguu, aguu”, ndipo ukamuyankha nayenso amayankha. Kucheza koyamba n’kumeneko: iwe unene, ine ndinene.

Pakati pa miyezi 6 ndi 9 kumabwera “ba-ba-ba”, “ma-ma-ma”, “da-da-da”. Apa abambo ambiri amadziguguda pachifuwa kuti mwana wayamba ndi kutchula iwo. Tisawagwetse ulesi, koma zoona zake n’zakuti mwanayo akungoyesa milomo. Mawu otseka ndi kutsegula milomo ndiwo apafupi kwa khanda, ndipo n’chifukwa chake m’zinenero zambiri za padziko maina a mayi ndi bambo amamveka ngati “mama”, “baba” kapena “papa”.

Nyimbo ya chinenero mwana amaigwira asanagwire mawu. Munamuonapo mwana wa chaka chimodzi akukalipira nkhuku, dzanja lili m’chiuno, palibe liwu ndi limodzi lomwe lodziwika, koma kakwezedwe ndi katsitsidwe kake kali ka mayi ake enieni? Kwa ife zimenezi si zachabe, pakuti mtengo wa mango ndi mtengo wa shuga pagolosale timaisiyanitsa ndi kakwezedwe ka mawu basi.

Liwu loyamba lenileni, lotchulidwa ndi cholinga, limabwera cha pa chaka chimodzi, ena msanga pang’ono, ena mochedwerapo. Nthawi yomweyo mwana amayamba kuloza, ndipo kachalako musakapeputse, chifukwa kakuti, “Taonani chimene ine ndaona.” Amamva zambiri kuposa zimene angathe kunena, ukati “katenge nsapato” amapita kukatenga. Pofika zaka ziwiri ana ambiri amakhala ndi mawu okwana 50 kapena kuposerapo, ndipo amayamba kulumikiza awiri: “mama madzi”, “pusi wapita”, “ayi phala”. Pa zaka zitatu mlendo amatha kumva zambiri zimene mwana akunena popanda mayi kumasulira.

Zolakwitsa zanzeru

Kamtsikana kena ka zaka zitatu kanabwera kuchipatala kakulira, kakuti “madzino” akuwawa. Palibe wamkulu amene amati madzino. Tonse timati dzino limodzi, mano ambiri. Nanga kanazitenga kuti? Kanamva kuti bokosi likachuluka timati mabokosi, buku timati mabuku, dengu timati madengu. Kanapeza lamulolo kokha, popanda mphunzitsi kapena choko, n’kuyamba kuligwiritsa ntchito paliponse. Choncho mudzamva “madiso”, “madzanja”, “matsamba”. Chodabwitsa n’chakuti mwana yemweyo miyezi ingapo yapitayo mwina ankati “mano” molondola, chifukwa nthawi imeneyo ankangotsanzira. Mayi amadandaula kuti mwana wabwerera m’mbuyo, chonsecho wapita patsogolo. Wasiya kungobwereza, wayamba kuganiza. “Mano” adzabwereranso okha.

Imene ndimaikonda kwambiri ndi ya mnyamata wina wa mnansi wanga. Anamumeta mpala, ndipo atadziona pagalasi anagwa pansi akulira kuti, “Ndimetuleni! Ndimetuleni!” Mwanayu ankadziwa kuti chotseka amachitsekula, chomata amachimatula, chovala amachivula. Ndiye bwanji chometa asachimetule? Mphunzitsi wa galamala sakanapeka liwu labwino kuposa limeneli.

Mwana akapeza liwu limodzi amalitambasula kuti likwanire zinthu zambiri, monga momwe ife timatambasulira ndiwo alendo akachuluka. Mbuzi ndi galu, ng’ombe ndi galu wamkulu, mwezi ndi mpira. Mwamuna aliyense wamtali, wa mawu aakulu, ndi “ababa”. Izi timaseka zikachitikira ena. Mayi wina anandiuza kuti kunyumba kwake kunalibe mtendere sabata yathunthu chifukwa mwana anathamangira wogulitsa makala akuti “ababa”, bambo ake enieni ali pomwepo. Ngati mwamuna wanu ali ndi mtima wansanje, muwerengereni ndime ino.

Palinso “ine” ndi “iwe”, amene amasokoneza ana ambiri. Mwana amakweza manja n’kunena kuti, “Ndikubereke!” pamene akufuna kuti inu mumubereke. Masiku onse mumamuuza kuti, “Bwera ndikubereke,” ndiye iye watenga chiganizo chonsecho ngati dzina la ntchitoyo. Za ulemu nazo zimachedwa. Amatha kunena kuti “iwe” kwa agogo ake aamuna, kenako n’kutembenukira kwa tambala n’kunena kuti “inu chokani”. Si mwano umenewo, ndipo mbama siiphunzitsa “inu”. Amaphunzira pomva inuyo mukuti “agogo, wawa” ndi pokumbutsidwa mofatsa kangapo konse.

M’tchalitchi ndiye muli nkhani. Wansembe akufukiza lubani paguwa, mwana n’kufuula kuti, “Abambo akupsa!” Lachitatu la Phulusa wina anayang’ana mayi ake pamphumi n’kuwauza kuti sanasambe. Ndipo ndani wa ife amene sanauzidwepo pochokera ku Ukaristia kuti, “Tsegulani pakamwa ndione”? Ine pandekha sindikondwera ndikaona mayi akutsina mwana pa chifukwa chimenechi. Mwanayo wayang’ana, waona, wanena. Ngati phokoso lachuluka tulukani naye pang’ono, koma funso lake mukaliyankhe kunja.

Tsono tichite chiyani mwana akapotoza liwu? Sekani, palibe cholakwa, koma sekani naye, osati kumuseka mpaka achite manyazi pagulu. Musamukakamize kubwereza kakhumi. Ingobwezani liwu lolondola n’kuwonjezerapo pang’ono. Akati “moto”, inu muti, “Eee, galimoto! Galimoto yofiira yadutsa.” Akati “madzino”, inu muti, “Mano akuwawa? Ndionetse.” Wamva cholondola, ndipo waona kuti zimene wanena zafika. Simukusowa buku kapena chidole cha kusitolo. Potsuka mbale, posankha nyemba, pomusambitsa, tchulani zimene mukuchita. Mwana wakumbuyo amamva zambiri koma saona pakamwa panu, choncho nthawi zina mutsitseni, mukhale naye maso ndi maso. Nthano za agogo, nyimbo zoguguzira mwana ndi masewera a masanje ndi akulu ake, zonsezo ndi sukulu.

Chimene sichingalowe m’malo mwanu ndi foni. Ndikuona masiku ano pamzere wa sikelo, mwana akangoti alire, mayi n’kumupatsa foni ya zidole. Foni imalankhula koma siyankha, siidikira kuti mwana anene zake. Mu 2019 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti mwana wosafika zaka ziwiri asamakhazikidwe pa foni kapena pa TV, ndipo wa zaka ziwiri mpaka zinayi asapyole ola limodzi patsiku.

Ena amafunsa za zinenero ziwiri, pamene bambo ndi Mtumbuka mayi ndi Myao, kapena kunyumba Chichewa kumkombaphala Chingerezi. Mwana amazikwanitsa. Adzasakaniza poyamba, n’kudzazilekanitsa yekha. Musamumane chinenero cha agogo ake poopa kuti asokonezeka. Chibwibwi nacho chimawagwira ana ambiri pakati pa zaka ziwiri ndi zisanu, pamene maganizo akuthamanga kuposa lilime, ndipo kwa ambiri chimatha chokha. Musamumalizire mawu, musamuyeseze, ndipo akulu ake muwaletse kumuseka. Chikapitirira miyezi yambiri, kapena mwana akayamba kuopa kulankhula, kanenani kuchipatala.

Za kutukwana sindichulutsa. Mwana wa zaka ziwiri akatulutsa liwu lonyansa pamaso pa alendo, sakudziwa tanthauzo lake. Wangoona kuti liwulo lili ndi mphamvu, chifukwa likatchulidwa anthu amadzidzimuka. Funso si lakuti timukwapule ndi chiyani, koma lakuti analimva kwa yani.

Mawu amene amatiopsa

Apa ndiye pamene ndikufuna tikhalepo nthawi, chifukwa si zonena zonse za ana zimene zimathera m’kuseka.

Zaka zapitazo, ndikugwira ntchito pa chipatala china cha kumudzi, anabwera ndi gogo wina wamkazi ali ndi bala lalikulu pamutu. Mdzukulu wake wa zaka zitatu anadzuka m’mawa n’kunena kuti, “Agogo anandikweza ndege usiku.” Mayi anaitana mlamu wake, mlamu anaitana ena, ndipo posakhalitsa mwana anali pakati pa bwalo la akuluakulu. “Munapita kumanda eti?” Mwana anati eee. “Anakupatsa nyama eti?” Eee. “Analiponso wina?” Mwana anatchula dzina la munthu amene anamuona ataima kutsogolo kwake. Pofika masana miyala inali ikugwa padenga la gogoyo. Ndikutsuka balalo, mayi a mwanayo, amene tsopano anali akulira, anandiuza okha kuti dzulo lake masana gogoyo ankaseweretsa mdzukulu wake pomunyamula m’mwamba akuti, “Ndege, ndege!” monga tonse timachitira.

Tiyeni timvetse zimene zinali m’mutu mwa mwanayo. Mwana wa msinkhu umenewu sanagwire bwino za nthawi. “Dzulo” kwa iye ndi chilichonse chimene chinapita, kaya ndi m’mawa womwewo kaya ndi pa Khirisimasi, ndipo mudzamumva akuti, “Ndinapita mawa.” Usiku ndi masana amazisinthanitsa chimodzimodzi. Komanso sanayambe kusiyanitsa bwino maloto ndi zochitika. Akalota galu akumuthamangitsa, amadzuka n’kumufunafuna kunsi kwa bedi. Ena amakhala ndi mnzawo wongoganizira, amamupatsa dzina, amamusungira nsima, ndipo zimenezi n’zachibadwa. Chachikulu pa zonse n’chakuti mwana wamng’ono amafuna kukondweretsa wamkulu. Ukamufunsa funso lokhala kale ndi yankho m’kati, makamaka ndi nkhope yoopsa, amavomera. Ukabwereza funsolo amaganiza kuti yankho loyamba linali lolakwa, ndiye amasintha. Akafunsidwa kangapo, nkhani imene mwamuikira m’kamwa imakhazikika m’mutu mwake ngati kuti anaionadi. Manda ndi nyama sizinachokere kwa mwana uja. Zinachokera kwa ofunsa.

Ndipo ana athu amamva zonse. Nkhani za ndege za ufiti timakamba ife eni pamoto, zili pa wailesi, zili m’mafilimu a m’mavidiyo a pamsika. Mwana amene amatola “galimoto” amatolanso zimenezi.

Wina adzati, nanga mwana wodzuka pakati pausiku akukuwa, maso ali tong’o, osamuzindikira mayi ake? Zimachitika kwa ana ena athanzi ndithu, ndipo m’mawa sakumbukira kanthu. Koma mukhudzeni thupi. Mwana wobwebweta thupi lili moto afunika kuyezedwa malungo usiku womwewo, osati kufunsidwa amene wamutuma. Maola amene timataya pofufuza mfiti ndi omwewo amene malungo amafikira ku ubongo.

Dziwaninso kuti lamulo la dziko lino lokhudza za ufiti, la m’chaka cha 1911, limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo wotero atha kuimbidwa mlandu. Ife Akatolika tili ndi lamulo lina lakale kuposa limenelo, lachisanu ndi chitatu, loletsa kuchitira mnzathu umboni wonama. Kuika mawu m’kamwa mwa mwana wa zaka zitatu kuti akhale mboni ndi kuchimwira anthu awiri, woneneredwayo ndi mwanayo, amene adzakula akudziwa kuti agogo ake anagendedwa chifukwa cha iye. Zotere zikayamba m’mudzi mwanu, mayi wa bungwe akhale woyamba kumuchotsa mwana pakati pa gulu, wina athamangire kwa amfumu, kwa a komiti ya Chilungamo ndi Mtendere ya parishi, kapena kupolisi.

Musandimve molakwa ngati ndikuti zonena za mwana n’zopanda pake. Alipo mawu ena amene tiyenera kuwaimira chilili. Mwana akanena kuti wina anamugwira kumaliseche kapena anamupweteka kumeneko, akayamba mwadzidzidzi kuopa munthu mmodzi amene kale ankamukonda, akamatchula kapena kusewera zinthu zogonana zimene msinkhu wake sungazidziwe, akamamva ululu poyenda kapena pokodza, musamukalipire kuti asiye bodza. Khalani pansi, mtima uli m’malo, mufunse funso lopanda yankho m’kati: “Tandiuza, chinachitika n’chiyani?” Sungani mawu ake momwe wawanenera, musawonjezere, musamuzunguliritse kwa achibale onse kuti abwereze. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mankhwala oteteza ku kachirombo ka HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72. Kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitidwa nkhanza, ndipo nambala ya 116 ndi yaulere pa nkhani za ana. Chimandipweteka mtima n’chakuti m’midzi mwathu mwana akanena za ndege timamukhulupirira nthawi yomweyo, koma akanena za amalume timati ndi mwana, sadziwa chimene akunena.

Mwana amene sativutitsa

Tsopano za mwana amene alibe nkhani yoseketsa ndi imodzi yomwe.

Mayi wina anabwera kusikelo ndi mnyamata wa zaka ziwiri ndi theka, wonenepa bwino, mzere wa pakhadi ukukwera mosangalatsa. Ndinafunsa kuti amanena mawu ati. Mayi anati, “Uyu ndi wofatsa, anamwino, savuta. Bambo akenso akuti anachedwa kulankhula.” Mwana ali kusewera ndi chivindikiro, ndinazungulira kumbuyo kwake n’kumuitana dzina. Sanacheuke. Ndinagwetsa mbale yachitsulo chapatali pang’ono. Ana onse pamzere anadzidzimuka kupatula iye. M’buku lake la kuchipatala munalembedwa kuti ali ndi miyezi 10 anagonekedwa ndi matenda oumitsa khosi. Anachira, banja linathokoza Mulungu, ndipo palibe anaganizako za makutu. Kwa chaka ndi miyezi 8 mwanayo anakhala m’dziko lachete, anthu akumuyamikira kufatsa.

Mwana amalankhula zimene wamva. Choncho mwana akachedwa kulankhula, choyamba kufufuza ndi khutu, osati lilime. Ndikunena izi chifukwa alipobe ena amene amapita ndi mwana kuti akamudule kamnofu ka kunsi kwa lilime ndi lumo. Kamnofu kameneko kawirikawiri si kamene kamaletsa mwana kulankhula, ndipo kudula kunyumba kumabweretsa kutaya magazi ndi matenda. Ngati mukukayikira, akaone a chipatala.

Zowononga makutu a ana zambiri timazidziwa: matenda oumitsa khosi, malungo a mu ubongo, chikuku, matsagwidi, chikasu chachikulu m’masiku oyamba a khanda, kubanika pobadwa, ndiponso matenda a rubella akamugwira mayi ali ndi pakati. Mwana aliyense amene wadutsa m’zimenezi ayezedwe makutu ngakhale akuoneka kuti wachira. Katemera wa chikuku ndi rubella, wa pa miyezi 9 ndi wa pa miyezi 15, amatetezanso makutu, choncho musaiwale wachiwiriyo. Koma chofala kwambiri, chimene timachizolowera mpaka kuchiona ngati chibadwa, ndi mafinya a m’khutu. Khutu lotuluka mafinya ndiye kuti nembanemba ya m’kati yabooka, ndipo mwana akumva ngati munthu amene wamira m’madzi. Musathiremo mafuta, madzi a masamba kapena mkaka wa m’mawere, musatokosemo ndi nthenga kapena kamtengo ka machesi. Pitani naye kuchipatala, akakuonetseni kaumitsidwe kake ndi kansalu koyera ndi kukupatsani mankhwala. Mafinya akafika masiku 14 ndiye kuti vutolo lakhazikika ndipo lifunika kulitsatira mpaka khutu liume.

Ana amasiyana, n’zoona, ndipo ena ochedwa amadzawapeza anzawo. Koma pali malire amene sitiyenera kudikira kupyola pamenepo. Khanda losadzidzimuka ndi phokoso lalikulu. Mwana wa chaka chimodzi amene sachita “ba-ba-ba”, saloza, sacheuka akaitanidwa. Wa miyezi 18 wopanda liwu ndi limodzi lomwe. Wa zaka ziwiri wosalumikiza mawu awiri. Ndi mwana wa msinkhu uliwonse amene anali ndi mawu kenako n’kuwataya. Ameneyu aonedwe tsopano. “Anyamata amachedwa” ndi “bambo akenso anatero” ndi mawu amene atayitsa ana ambiri zaka zofunika. Kuyesa kwa kunyumba, kuitana kumbuyo kapena kuomba m’manja, kungakupatseni chithunzi koma kumanamiza, chifukwa mwana wosamva amakhala tcheru ndi maso, amaona chithunzithunzi chanu kapena kumva kugwedera kwa pansi n’kucheuka. Yambani ndi mlangizi wa zaumoyo kapena namwino wa kusikelo, mupemphe kalata. Ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku chipatala cha makutu cha ABC ku Lilongwe ali ndi makina oyezera kumva ngakhale kwa mwana amene sangathe kuyankha.

Nthawi zina makutu amapezeka ali bwino. Vuto litha kukhala kunyentchera kapena kuchepa magazi, kumene kumamusiya mwana wopanda mphamvu zosewera ndi kucheza. Litha kukhala lakuti mayi ali ndi nkhawa yaikulu chibadwire mwanayo ndipo m’nyumba muli zii. Pamenepo wofunika thandizo loyamba ndi mayiyo, ndipo amayi a bungwe ndinu oyenera kuzindikira. Aliponso ana amene amamva bwino koma sayang’ana munthu m’maso, saloza, amabwereza chinthu chimodzimodzi, vuto limene a chipatala amalitcha autism. Si kulodzedwa, si kukhwimira kwa bambo, ndipo si tchimo la mayi.

Mwana akapezeka kuti samva, chinenero sichinamuthere. Ena amathandizidwa ndi timakina ta m’khutu, ndipo onse atha kuphunzira chinenero chamanja, chimene ndi chinenero chathunthu, chokambira nthano, nthabwala ndi mapemphero. Sukulu za ana osamva zilipo, monga ya ku Mua m’boma la Dedza, ya Maryview ku Nguludi m’boma la Chiradzulu ndi ya ku Embangweni m’boma la Mzimba. Chofunika n’kuyamba msanga, ndipo banja lonse liphunzire manjawo, osati mwana yekha. Mnyamata wofatsa uja anakaphunzira pa imodzi ya sukulu zotere. Mayi ake nditakumana nawo patapita zaka anandiuza akuseka kuti tsopano ndi wolongolola kuposa ana awo onse, manja sapuma, ndipo anawapatsa aphunzitsi ake onse maina owasereula.

Pa msonkhano wanu muwerenge Marko 7:31-37, nkhani ya munthu wosamva ndi wosalankhula bwino amene anabwera naye kwa Ambuye Yesu. Muone zinthu ziwiri. Munthuyo sanabwere yekha, anachita kubwera naye anzake. Ndipo Ambuye anayamba ndi kukhudza makutu, lilime pambuyo. Mwambo wa Efata pa ubatizo, pamene wansembe amakhudza makutu ndi pakamwa pa mwana, unachokera pa nkhani imeneyi, ndipo ambiri a inu munaima pomwepo ngati amayi a ubatizo.

Ntchito ya mwezi uno ndi iyi. Mayi aliyense asankhe mwana mmodzi wosafika zaka zinayi, wake, mdzukulu kapena mwana wake wa ubatizo, amumvetsere sabata imodzi, abwere ku msonkhano wotsatira ndi mawu atatu amene mwanayo wanena, momwe anawanenera. Mlembi awalembe m’kope pamodzi ndi msinkhu wa mwana. Mudzaseka, ndipo muyese kupeza lamulo limene mwana aliyense anatsata popotoza liwu lake. Mayi amene adzasowe chonena za mwana wa zaka ziwiri asachite manyazi, ndipo ena musamuuze kuti adikire. Awiri a inu mumuperekeze kusikelo sabata yomweyo, buku la kuchipatala la mwanayo lili m’manja.